Chitseko Chopalidwa M'dzinja

Achimwene anga anali munthu wa zitseko. Matebulo ndi mashelefu ankapanganso akapezeka wofuna, koma ntchito imene anthu ankawadziwa nayo inali yokhazika zitseko zatsopano ndi kuchiza zakale zimene zayamba kukana kutseka. Mumsewu mwathu munalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti a Pang'ono, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Mwini nyumba akati, "Palani kwambiri, bambo, chisadzavutenso," iwo ankapukusa mutu. "Pang'ono pang'ono, bwana. Tsitsi mukameta limamera. Thabwa silimera."

Anabwera kudzakhala kwa ine amuna anga atamwalira. Nawonso anali atatsala okha: alamu anga anali atatsogola kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anali ku sukulu ya unamwino. Iwo ankauza anthu kuti abwera kudzandisunga ine, ine ndinkauza anthu kuti ndikuwasunga iwo. Mulungu yekha akudziwa amene ankanena zoona. Ndinawapatsa kachipinda kakumbuyo, ndipo pafupi ndi khomo la kukhitchini anamangapo shedi ya malata akale, n'kuikamo benchi yawo yogwirirapo ntchito.

Ntchitoyi anaiphunzira m'fakitale ya mipando ndevu zisanamere. Anayamba ndi kusesa utuchi, kenako anapatsidwa puleni yamanja, ija yokankha ndi mapewa. Fakitale itatsekedwa, eni ake analola amisiri akale kuti aliyense atenge chida chimodzi. Anzawo analimbirana macheka. Achimwene anatenga puleni yamagetsi imene ankagwirira ntchito zaka zomalizirazo, n'kubwera nayo kunyumba ataifungatira ngati khanda.

Kwa amene sanaionepo, puleni imeneyi ndi yokulirapo kuposa simbi yositira zovala, ndipo ndi yolemera ndithu. Kunsi kwake n'kosalala, koma pakati pali mpata pamene mipeni iwiri imazungulira mofulumira moti diso siliona kanthu. Kumbuyo kuli chogwirira chokhala ndi swichi. Kutsogolo kuli chogwirira china chobulungira, ngati chivundikiro cha botolo lalikulu. Chakutsogolocho chili ndi ntchito ziwiri. Ndi pamene pamagwira dzanja lamanzere pokankha, komanso ukachipotoza ndiye chimalamula kuti mipeni idye thabwa pang'ono kapena kwambiri. Chikamapotoka chimati ke, ke, ke, ndipo umachimva m'makutu ndi m'zala momwe.

Phokoso lake ndiye musanene. Mayi wina wosoka zovala, amene makina ake ali pakhonde loyang'anizana ndi mpanda wathu, anaipatsa dzina loti Apongozi. Ankati imayamba kukalipa anthu asanasukusule, ndipo ikayamba palibe angaiyankhe.

"A Pang'ono!" ankakuwa motero pamwamba pa mpanda. "Apongozi anu adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino, mayi. Akuti mubwere mudzawalonjere."

"Auzeni kuti utuchi wawo wadzaza m'diresi la mkwatibwi wa eni ake! Akakwatiwa akuyetsemula mwana wa anthu."

"Ndi madalitso amenewo, mayi. Utuchi wa thabwa labwino."

Loweruka masana sankapala kanthu. Linali tsiku losamalira Apongozi. Choyamba ankazula pulagi kukhoma n'kuiika pa benchi, pamalo poti aziiona ndi maso, chifukwa ankati swichi ndi munthu wabodza koma pulagi yozula sinama. Kenako ankachotsa utuchi m'timabowo topumira ndi mswachi wakale, n'kupukuta utomoni kunsi ndi kansanza konyowetsa ndi palafini. Ankatsegula pambali kuona ngati lamba wayamba kung'ambika, n'kusuzumiranso timakala tiwiri ta mu injini ngati tatha. Mipeni ankaichotsa, kuinola, ndi kuibwezera moyeza ndi lula yachitsulo, kuti wina usatalike kuposa unzake ngakhale ndi tsitsi limodzi. Pomaliza ankapaka kandulo kunsi kuti iziterereka pa thabwa. Sankaikhazika chafufumimba ngakhale kamodzi. Ankaigoneka chammbali, mipeni isakhudze kanthu.

Ine ndinkawabweretsera tiyi n'kukhala pa kampando pakhomo. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo iwo ankakonda womvetsera.

"Achemwali, chinthuchi chimalankhula," ankatero. "Anyamata a masiku ano amapala ndi maso. Maso amaona zitachitika kale. Khutu ndi dzanja ndiye zimakuuza zikuchitika."

Chokhacho chimene tinkakangana chinali chitseko changa cha kukhitchini. Dzinja lililonse chinkatupa ndi chinyezi n'kumakakamira pa felemu, moti potsegula ndinkachita kuchigunda ndi phewa.

"Achimwene, zitseko za dziko lonse mwachiza. Changa chinakulakwirani chiyani?"

"Chitseko sichipalidwa m'dzinja, achemwali. Panopa chakhuta madzi. Ndikachipala lero, chilimwe chikafika chidzafota, mpata udzatsala wolowa khoswe ndi banja lake. Dikirani chiume."

Chilimwe chikafika chitseko chinkauma n'kumatseka bwinobwino chokha, ndipo tonse tinkaiwala. Dzinja likabwera tinkayambiranso nkhani yomweyo, mawu omwewo. Zaka zinapita choncho.

Makutu ndiye anayamba kuwathawa. Poyamba ndinkangoona kuti wayilesi akuikweza kwambiri, ndipo mawu akuti "Mwati?" achuluka m'nyumba. Kutchalitchi ankatsalira m'mbuyo poimba, anthu atafika kale mzere wina iwo akadali woyamba, mpaka anasiya kuimba n'kumangogwedeza milomo. Tsiku lina anandifunsa ngati m'khitchini mwalowa nkhululu. Munalibe nkhululu. Inali m'mutu mwawo, ndipo sinatulukenso. Kuchipatala anawauza kuti ndi phokoso la zaka zonse zija, ndipo chimene chapita sichibwerera. Anawapatsa kachipangizo kovala m'khutu. Kankawathandiza pocheza m'nyumba muli zii, koma puleni ikalira kankangowabaya m'mutu, ndiye ankakavula.

Anati palibe kanthu, manja alipo. Koma manja nawo anatsatira. Zala zinayamba kuchita dzanzi, makamaka m'mawa, n'kumayera nsonga ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Kapu inkawapulumuka. Mabatani a malaya anayamba kuwavuta, ndipo Lamulungu m'mawa ndinkawamanga ine la pakhosi, iwo akuyang'ana kudenga. Adokotala anati nakonso ndi kunjenjemera kwa makina omwewo. Chinthu chimene chinawadyetsa moyo wonse ndi chomwe chinkawadya.

Puleni ukaizimitsa, mipeni siima nthawi yomweyo. Imazungulirabe kanthawi, mawu akutsika mpaka kuti zii. Mmisiri amadikira ziiyo asanaitule. Tsiku lina achimwene anazimitsa, n'kuganiza kuti yaima, ndipo potula inapendekeka n'kukhudza benchi. Inathamanga yokha ngati yamoyo, n'kugwa pansi, itawang'amba buluku ndi mnofu wa pa msongolo. Ndinawapeza atakhala pa utuchi atagwira mwendo, koma maso ali pa puleni, kuona ngati yasweka.

Mwana wawo anali atayamba kale ntchito pachipatala chachikulu. Anabwera madzulo omwewo yunifolomu ili m'thupi, n'kutsuka balalo. Atamanga bandeji anaimirira kutsogolo kwawo kuti aziona milomo yake.

"Bambo, puleni ija ndikupita nayo."

"Wati?"

"Mwamva. Ndikupita nayo."

"Upite nayo kuti? Ukapale odwala?"

"Musaseke, bambo. Ine ndimalandira amisiri kuchipatala, munthu kutsogolo, zala zake pambuyo m'kajumbo. Lero ndi mwendo. Mawa ndidzalandira inu?"

"Ndiye ndizitani? Ndizikhala pakhonde kuwerenga agalu odutsa?"

"Muzipuma. Mwagwira ntchito mokwanira."

"Kupuma n'kumanda, mwana iwe."

Onse awiri anayang'ana kwa ine, aliyense kufuna kuti ndikhale mbali yake. Ndinapemphera kamphindi mumtima, ndipo mawu amene anabwera anandidabwitsa ine ndemwe. Ndinati, "Makutu anga ndi abwino. Sindiwagwiritsa ntchito kwenikweni. Ndingawabwereke."

Tinapangana motere. Achimwene sayatsa puleni pokhapokha ine nditakhala pafupi ndi swichi ya pakhoma. Ndikamva cholakwika ndizimitsa. Ndikamva kuti mipeni yaima ndikweza dzanja, ndiye aitule. Mwanayo anavomera monyinyirika. "Koma azakhali, tsiku limene adzaiyatse ali okha, ndidzabwera kudzaitenga. Sindidzafunsanso munthu." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono kumaso kwa bambo ake, ndipo iwo anagwedeza mutu.

Choncho ndili ndi imvi kale ndinalowa sukulu ya makutu. Achimwene ankandiphunzitsa mawu amene iwo sankawamvanso, monga mmene ankawakumbukirira. Anati puleni ikamadya pang'ono imaimba mokweza ngati mtsikana wa kwaya. Ikamadya kwambiri mawu amatsika, imabuula ngati ng'ombe yolemedwa. Mipeni ikabuntha imalira motopa, thabwa n'kumanunkha kupsa. Ikagunda msomali wobisika imati thi, kamodzi kokha, ndipo amene sanamve thi ameneyo amakanda thabwa lonse ndi mpeni wobenthuka. Anaikamo mipeni yakale n'kumalakwitsa dala pa zidutswa zotaya kuti ndimve. Ndikazimitsa pa nthawi yake ankaseka.

"Achemwali, munataya nthawi kukwatiwa. Mukanakhala kalipentala."

Imeneyo inali miyezi yabwino, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iyo. Koma sinakhalitse. Ntchito ya zitseko ili kunyumba za anthu, osati mu shedi. Ndinapita nawo kangapo kumene akumanga, nditanyamula kampando kanga. Omanga nyumba anatiseka. Wina anakuwa ali pamwamba pa makwerero kuti, "A Pang'ono abwera ndi kapitawo wawo! Amayi, mukalemba kuti tachedwa?" Achimwene sanamve mawuwo, koma mano anawaona. Eni nyumba nawo ankalankhula ndi ine m'malo molankhula ndi iwo, ngati ndabwera ndi mwana. Pang'ono ndi pang'ono oitana anachepa. Ambiri anayamba kugula zitseko zachitsulo, kapena zija zopepuka zobwera ndi felemu yake, zosafuna mmisiri. Tinatsala mu shedi, kupala timashelefu ndi timipando ta anansi.

Achimwene anasiya nthabwala. Mayi wosoka uja akafunsa za Apongozi ankangokweza dzanja. Tsiku lina ndikuchapa, anaima pakhomo kundidikira, thabwa lili kale pa benchi. Nditamaliza ndinapukuta manja n'kupita kukakhala pa swichi. Sanayatse. Anati, osandiyang'ana, "Munthu wa ndevu zoyera kumadikira mlongo wake amalize kuchapa kuti agwire ntchito. Ngati mwana wofuna kukodza usiku."

Dzinja linabwera ndi mvula yambiri, ndipo chitseko cha kukhitchini chinatupa kuposa kale lonse. M'mawa wina ndikutuluka ndi ndowa ya madzi, ndinachigunda ndi phewa monga mwa masiku onse. Chinakana. Ndinagundanso mwamphamvu, chinatseguka mwadzidzidzi, ndipo ndinagwera panja pa sitepe yonyowa, ndowa uko, ine uko. Phewa linatupa moti mkono sunkakwera. Mayi wosoka anathamanga kudzandidzutsa. Ndi munthu wabwino mtima, koma pakamwa pake palibe chitseko.

"A Pang'ono, taonani! Nyumba ya mmisiri wa zitseko, chitseko chikupha mlongo wanu! Apongozi aja ntchito yawo n'kutisokosera basi?"

Ananena moseka, akuloza chitseko ndi kuloza shedi. Achimwene anali ataima pomwepo. Sindidziwa kuti anamva mawu angati, koma chala anachiona kumene chinaloza. Anatola ndowa n'kuiika m'khitchini. Tsiku lonselo sanadye.

Mawa lake masana ndinapita ku mapemphero a amayi, mkono uli m'nsalu. Ndinawasiya atakhala pa bedi lawo akuyang'ana mvula. Pobwerera, ndisanakhote n'komwe kulowa mumsewu wathu, ndinamva Apongozi. Ndinaima chilili. Sanali mawu a mtsikana wa kwaya. Inali ng'ombe, ikubuula mozama, kuleka, n'kubuulanso. Ine amene ndinali kutali ndinkamva bwinobwino kuti mipeni ikudya thabwa mopitirira, pamene munthu amene anaigwira m'manja sankamva kanthu.

Ndinathamanga. Sindikumbuka pamene ndinathamanga komaliza tsikulo lisanafike. Ambulera ndinaitaya pachipata. Nditalowa mu shedi ndinapita molunjika kukhoma n'kuzimitsa.

Chitseko changa chinali chitaimikidwa chammbali pa benchi, atachipana bwino ndi zidutswa za matabwa monga ankachitira nthawi zonse. Mahinjesi ndi masikuluwu anali m'kachitini. Zonse zinali mwadongosolo lake. Koma pansi sipanali utuchi wofewa umene ndinauzolowera. Panali zibenthu zokhuthala ngati makoko a mtedza, mulu wofika m'kakolo.

Anadikira ndikweze dzanja, kenako anagoneka puleni chammbali. Anandiyang'ana ngati mwana wogwidwa, koma akumwetulira pang'ono. "Kungochotsako pang'ono, achemwali. Kuti phewa lipume." Anawerama kufuna mzere wa pensulo umene analemba m'mbali mwa chitseko, wosonyeza polekezera. Anaufuna kumtunda, anaufuna kumunsi. Mzere kunalibe. Unali pansi, m'zibenthu zija.

Ananyamula puleni n'kuyang'ana chogwirira chakutsogolo. Anali atachiika pa kadontho koyamba, kodya pang'ono kwambiri. Tsopano chinali kumapeto. Chifukwa cha dzanzi ankachifinya mwamphamvu kuti chisawapulumuke, ndipo pokankha dzanja linkachipotoza pang'ono ulendo uliwonse. Chinati ke, ke, ke, monga mwa ntchito yake. Makutu sanamve, zala sizinamve. Injini inabuula kuwachenjeza, msewu wonse unamva, kupatula iwo.

Anakhala pa kampando kanga, puleni ili pa miyendo. Mvula inkagunda malata. Patapita nthawi anati, "M'dzinja." Mawu amodzi okhawo. Kenako anati, "Ine. M'dzinja."

Tinachibwezera pamalo pake tsiku lomwelo, ine ndikuwagwirira masikuluwu ndi dzanja langa labwino chifukwa zala zawo sizinkawatola. Chinatseka popanda kukhudza felemu paliponse. Mpata unatsala wolowa chala, chitseko chikadali chokhuta madzi. Tonse tinkadziwa chimene chilimwe chidzachite.

Ndinati, "Chikutseka bwino, achimwene. Zikomo."

"Musandinyengerere, achemwali. Sindine wodwala."

Mwana wawo sindinamuuze. Sindikanamunamiza akanandifunsa, koma sanafunse, ndipo ine sindinayambe. Mayi wosoka naye anatseka pakamwa kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, ndipo anandibweretsera mafuta opaka paphewa, maso ali pansi. Ndinkapemphera kuti mvula ichedwe kutha. Ndi pemphero lopusa, koma ndinalipemphera.

Achimwene anayesa kukonza. Anati angathe kumata kathabwa kopyapyala m'mbalimo, ngakhale chigamba pa chitseko ndi chinthu chimene moyo wawo wonse ankaseka nacho amisiri anzawo. Anadula kathabwako. Koma kamafuna timisomali ting'onoting'ono, ndipo tinkawagwa m'zala asanatimenye. Ndinati ndiwagwirire. Anayang'ana zala zanga, anayang'ana hamala ili m'dzanja lawo losamva, n'kuibwezera pa benchi. Kathabwako kali pomwepo mpaka lero. Kuyambira tsikulo sanandiitanenso kuti ndikakhale pa swichi, ngakhale ndinkadutsa dala pa shedi ndilibe chochita.

Mvula inatha, mphepo youma inayamba. Chitseko chinafota monga ananenera zaka zonse zija. Mpata unakula mpaka kulowa zala ziwiri, ndipo loko sinkafikanso pa bowo lake, moti ndinkatseka ndi waya. Fumbi linkalowa, mphemvu zinkalowa. M'mawa dzuwa linkalowa pampatapo n'kujambula mzere wowala pansi pa khitchini, kuchokera pakhomo mpaka pa kabati. Achimwene ankamwa tiyi atafulatira mzerewo.

Mwana wawo anabwera Loweruka lina ndi mankhwala a bambo ake. Analowa m'khitchini, n'kuima pa mzere wowala uja. Anautsatira ndi maso mpaka pa chitseko. Ndi mwana wa mmisiri, anakulira mu utuchi. Anayendetsa chala m'mbali mwa thabwa mmene munali moyera, mwatsopano.

"Azakhali, chitsekochi chapalidwa liti?"

"M'dzinja."

"M'dzinja? Bambo?" Anatembenuka. "Inu munalipo, azakhali?"

Achimwene anali ataima pakhomo la kuchipinda, kachipangizo kali m'khutu. Sindidziwa ngati anamva funsolo kapena anangoliwerenga pankhope pathu.

"Usawavutitse azakhali ako. Ndinali ndekha."

"Bambo, tinapangana."

"Tinapangana. Khala pansi, umwe tiyi. Lero ndi Loweruka."

Anapita ku shedi. Tinawaona pawindo. Anazula pulagi n'kuiika pa benchi. Anatenga mswachi n'kuchotsa utuchi m'timabowo monse, ngakhale munalibe utuchi wambiri. Anapukuta kunsi ndi palafini. Anatsegula pambali kuona lamba. Mipeni inawatengera nthawi yaitali chifukwa sipanala inkawagwa, ndipo mwanayo anadzuka kuti akawathandize, koma ndinamugwira mkono. Anainola, anaibwezera, anayeza ndi lula. Anabweza chogwirira chakutsogolo pa kadontho koyamba, akuyang'anitsitsa ndi maso. Anapaka kandulo. Kenako anakulunga chingwe bwinobwino n'kubwera nayo m'khitchini ataifungatira monga tsiku limene anabwera nayo kuchokera ku fakitale.

"Uziigoneka chammbali," anatero. "Pamalo pouma."

Mwanayo analira. Anati, "Bambo, sindikukulandani. Ndikufuna mukhale ndi zala zanu."

"Zala zotani, mwana wanga? Zilipo izi, khumi. Uzitenge nazonso, sindikudziwa ntchito yake."

Msewu wathu unakhala chete. Anthu ena anayamikira, osadziwa kuti zikundipweteka. Achimwene ankadzuka m'mawa monga kale, kuvala ovolosi, n'kukakhala mu shedi. Ankasesa pansi posadetsedwa. Nthawi zina ndinkawaona akusisita benchi ndi chikhatho, uku ndi uku, ngati munthu wofuna chinthu mumdima. Mayi wosoka anayesa kamodzi, mawu ali pansi: "A Pang'ono, apongozi anapita kwawo? Tawasowatu." Sanamve, kapena anasankha kusamva. Anayamba kuonda. Kutchalitchi anasiya kupita, akuti kumangoona milomo ya anthu kukuwatopetsa. Ndinawauza kuti Mulungu amamva ngakhale ife sitikumva. Anati, "Iye ndiye ali ndi mwayi."

Chaka chisanathe mwana wawo anawatenga kuti azikakhala naye pafupi ndi chipatala. Ndi nyumba yosanja, iwo ali pamwamba. Chitseko chakunja n'chachitsulo, mawindo ndi achitsulo, tebulo ndi lagalasi. M'nyumba monsemo mulibe thabwa loti munthu angaligwire n'kudziwa mtengo umene linachokera. Amawasamala bwino, sindinganene bodza. Amadya, amasamba, ali ndi mpando wofewa pafupi ndi windo. Puleni ili m'katoni pamwamba pa wodilopu m'chipinda cha mwanayo, ndipo akuti nthawi zina akabwera ku ntchito amapeza bambo ake ataima pakhomo la chipindacho, akuyang'ana m'mwamba.

Ndimapita kukawaona ndikatuluka m'tchalitchi. Timakhala pawindo, iwo ndi ine, osalankhula zambiri. Kale ine ndinali wachete, iwo olankhula. Tsopano achete tilipo awiri. Ndimawapempherera tsiku lililonse, koma ndimafika pakati n'kusowa chopempha. Makutu sabwerera, adokotala ananena. Zala sizibwerera. Ndimangotchula dzina lawo pamaso pa Ambuye n'kukhala chete.

Anthu andiuza kuti ndigule chitseko china, kapena ndiitane mnyamata wina adzamate chigamba. Mwana wa achimwene anafuna ngakhale kunditumizira chachitsulo. Ndinakana. Pampatapo ndimatsekapo ndi nsanza ya bulangete lakale, ndipo mphepo ikakula imaigwetsa, ine n'kuitola.

Dzinja lino lafikanso. Chitseko chatupa monga mwa chizolowezi chake, koma pa felemu sichifika. Ndimachitsegula ndi chala chimodzi, ndowa ili m'manja. Lamulungu lapitali mvula inkagwa pa windo lawo, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Chitseko chija, achemwali. Chikukakamira?"

Ndinasendera pafupi kuti aone milomo yanga. "Ayi, achimwene. Sichikakamiranso."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana manja awo ali pa maondo.

"Sichingakakamire," anatero. "Ndinapala kwambiri."